Khutu Limene Linachedwetsa a Mbewe

Mpaka lero, nsalu yachinyezi ikakumana ndi simbi yamoto n'kulira kuti tswii, mtima wanga umathawira ku Makokoba, lokeshoni ya kuno kudziko la olankhula Chindebele, pakhomo pa a Mbewe. Fungo lake ndi lija la sitachi wowauka pang'ono, losakanikirana ndi utsi wa makala ndiponso fumbi la m'lokeshoni mvula ikangoyamba kudontha. Ndimawaona ataimirira kuseri kwa tebulo lawo la mwendo umodzi waufupi, limene ankaliikira chibenthu cha njerwa kuti lisagwedere, masaya ali tutumu ndi madzi amene avumata, kenaka n'kuwapopera pa malaya ngati nkhungu. Simbi ikayamba kuzizira ankaiyendetsa m'malere uku ndi uku kuti makala ayake, ife ana tikuthawa mbaliwali za moto, kutali uko sitima ikulira ngati ng'ombe yosowa mwana wake.

Sanali agogo anga a magazi. Tinkangokhala moyandikana pa mzere umodzi wa zipinda zanjerwa, khoma limodzi, kotero kuti akatsokomola iwo, ife tinkamva ngati atsokomolera m'nyumba mwathu. Izi zinali zaka zija nkhondo yaikulu yachiwiri isanayambe. Bambo anga ankagwira ntchito ku njanji, ndipo ankatha masabata ali kutchire kokonza mizere ya sitima. Mayi anga, Nachisale, ankachapa zovala za apolisi, aphunzitsi ndi makalaliki, a Mbewe n'kumasita. Ine ndinakulira pansi pa tebulo lija. Dzina loti Filipo anandipatsa ndi iwowo tsiku limene ndinatuluka m'chikuta, koma dzinalo sanaligwiritse ntchito kwenikweni. Ankanditchula kuti Chimutu, ndipo amene anandiona ndili mwana amati sanandinamizire.

Kwawo kwa a Mbewe kunali cha ku Ntcheu. Anabwera kuno wapansi ali mnyamata wa ndevu zongomera kumene, atasiya mkazi ndi khanda lalikazi. Anayamba ndi migodi, migodiyo inawapatsa chifuwa n'kuwalavula, ndipo kusita anakaphunzirira kukhitchini kwa mzungu wina. Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo lobiriwira, mmene ankasungamo katundu wopita naye kumudzi. Anthu otere, opita kukagwira ntchito kutali n'kukhalirira komweko, kwathu amatchedwa matchona. Mawu amenewa a Mbewe ankadana nawo kuposa mano akuwawa.

"Ine si mtchona," ankatero. "Mtchona alibe bokosi. Ine ndili pa ulendo, ndangoima pang'ono."

Kuima pang'onoko kunali kutatenga kale zaka zoposa za mayi anga.

Panali mkulu wina, a Kalonga, wakwawo komweko, amene chaka chilichonse mvula ikatha, mitsinje itaphwera, ankatsogolera gulu la anthu obwerera ku Nyasalandi. Ankakwera sitima mpaka ku Halale, kuchokera kumeneko n'kumayenda wapansi, kukawoloka Zambezi pa Tete. A Kalonga sankalephera kudzaima pakhomo pa a Mbewe.

"Mbewe, chaka chino tikunyamulani. Kapena mukudikira kuti mudzi ubwere wokha kudzakutengani?"

Tsiku lina, ine mano a kutsogolo atangoguluka, a Mbewe anaika simbi pambali, n'kundigwira pamutu pamaso pa anthu onse amene anali pampopi, nati, "Kalonga, mverani. Mwana uyu dzina ndinamupatsa ndine. Atate wake amagona kutchire. Ndikangomupereka m'manja mwa aphunzitsi, ntchito yanga kuno yatha, ndanyamuka. Malaya sasitidwa mbali imodzi."

"Mwamva nonse?" anatero a Kalonga. Amayi a pampopi anavomera kuti amva. Kuyambira tsiku limenelo mzere wonse unadziwa kuti ulendo wa a Mbewe wamangirizidwa kwa ine.

Achinyamata a lero sangadziwe mmene munthu ankalowera sukulu masiku amenewo. Zikalata zonena tsiku lobadwa kunalibe. Ukafunsa mayi kuti mwana anabadwa liti, ankakuyankha kuti chaka cha dzombe, kapena chaka chimene denga linasasuka. Choncho aphunzitsi anali ndi muyeso wawo. Tsiku lotsegulira chaka, mwana ankaimirira chilili, n'kudutsitsa mkono wamanja pamwamba pa mutu, kuti zala zikagwire khutu la kumanzere. Wagwira, walowa. Walephera, ubwerere ukakule. Muyeso umenewu ndi wachilungamo kwa ana a mitu wamba. Amene anaupanga sanaganizire anthu ngati ine.

Chaka choyamba ndinapita ngati mkwati. A Mbewe anandisokera kabudula wa khaki kuchokera ku buluku lakale la wapolisi wina, n'kumuthira sitachi wochuluka moti kabudulayo ankatha kuima yekha popanda mwini wake. Poyenda ankalira kuti khwe khwe, n'kumandicheka m'ntchafu. Unali mwezi wa Januwale, usiku kutagwa mvula, msewu uli matope okhaokha, ndipo iwo ankandinyamula podutsa zithaphwi kuti ntchito yawo isaonongeke. Pasukulu ya mishoni tinapeza mzere wautali wa ana, ena akulira, ena atagwira nsalu za amayi awo, Chindebele, Chishona ndi Chinyanja chathu zili pokopoko. Kutsogolo kunali aphunzitsi aakulu, a Ncube, munthu wamtali wa magalasi, ndodo ili m'khwapa.

Patsogolo panga panali Mandla, mnzanga wa mzere wachiwiri, amene ndinkamuposa msinkhu ndipo ndinkamugwetsa tikamalimbana. Anangoponya kamkono kake, khutu gwi! Analowa. Ine ndinaponya wanga monyada. Zala zinakafika penapake pamwamba pa mutu n'kuima, ngati munthu amene wakwera phiri n'kupeza kuti kuseri kwake kuli phiri linanso. Ndinakoka, ndinakukuta mano amene ndinalibe, khutu lili phee kutali.

A Ncube anazungulira mutu wanga ngati munthu wofuna kugula dzungu. "Buya ngomnyaka ozayo, mfana," anatero. Ndiko kuti, ubwere chaka chamawa.

Ndinalira njira yonse. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri n'chakuti a Mbewe ankayenda mopepuka. Anandigulira chimanga chowotcha pangodya ya msika, ndipo ankaimba likhweru nyimbo ya kwawo. Ine ndinkati akundisangalatsa kuti ndileke kulira.

Mvula itatha, a Kalonga anabwera.

"Nanga bokosi lija, titumize anyamata adzalinyamule?"

"Mwana sanalowe," anatero a Mbewe, maso ali pa kolala wa malaya. "Munamva nokha zimene ndinanena."

"Nanga mutu wa mwanayo mudzaupala ndi kasemasema? Mbewe, zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Pitani bwino. Mukafika mukawauze kuti chaka chamawa."

Pamenepo mpamene anayamba kundisula. M'mawa uliwonse ankandikweza mumtengo wa mabulosi umene unali kuseri kwa zimbudzi za khonsolo, kuti ndilendewere panthambi mpaka mapewa achite dzanzi. Madzi a pampopi ankanditumiza ndi zitini ziwiri zazikulu, akuti kulemerako kukokera mikono pansi. Akamaliza kusita ankandikhazika pamwendo n'kumandikoka khutu la kumanzere pang'onopang'ono, kuti nalonso lithandizeko pobwera kudzakumana ndi zala. Mpaka lero khutu limenelo n'lotambalala kuposa linzake. Malemu mkazi wanga ankati chipewa chimandikhala ngati nyumba yotsamira.

"Bambo, mundithyolera mwana," ankatero mayi anga akuseka, manja ali thovu lokhalokha.

"Nachisale, nsalu ikafupika timaikoka ikadali yonyowa. Ikauma, basi."

Bambo anga akabwera kuchokera kunjanji ankangoyang'ana n'kunena kuti mitu yotere kwa a Phiri kulibe, yachokera kuchikazi. Mayi ankayankha kuti mutuwo ndi wakwawo indedi, koma mikono yaifupiyo aifunse okha kumene yachokera, popeza ngakhale m'thumba simafika.

Chaka chimenecho, mwezi wa dzuwa, ndinaona m'kati mwa bokosi koyamba. A Mbewe analitulutsa panja kuti katundu awombedwe mphepo. Munali bulangete lofiira, nsalu za akazi zimene mapindiro ake anali atayera, mpeni, galasi loonera nkhope, ndi kadiresi kakang'ono ka maluwa achikasu. Zinazo anangoziyanika. Kadiresiko anakayala patebulo n'kuyamba kukasita mosamala, nsonga ya simbi ikuyenda m'timapindo ngati akuopa kudzutsa mwana wogona.

"Agogo, n'kayani?"

"N'ka Esinati, mwana wanga."

Mayi anga anaima ndi beseni m'manja. Sanali munthu wosunga mawu m'kamwa. "Bambo, Esinati ameneyo panopa ali ndi ana aakulu kuposa Filipo."

A Mbewe sanadzutse mutu. "Ndikudziwa, Nachisale. Koma msinkhu wake wina ine sindiudziwa."

Mayi anapita kukayanika zovala.

Januwale wachiwiri atafika, a Mbewe anandimeta mpala ndi lumo, n'kundidzoza mafuta, akuti tsitsi nalonso limadya malo. Kabudula uja anamutulutsa, anamuthiranso sitachi. Tsopano ankandithina pang'ono. Pamzere ndinali wamtali kuposa onse. Mandla anadutsa ndi sileti yake m'khwapa, ali kale m'kalasi yachiwiri, n'kundikuwira ndi mawu a Chindebele otanthauza mutu kuti, "Khanda! Lero usaiwale khutu kunyumba!"

Nthawi yanga itakwana ndinaponya mkono ndi mphamvu zonse za mtengo wa mabulosi. Panatsala kampata kakang'ono, koti n'kudutsa nyerere yokha. Ndiye ndinachita zimene mwana aliyense wanzeru ankachita: ndinapendeketsa mutu pang'ono, phewa n'kulikweza. Chala chapakati chinakhudza nsonga ya khutu. A Ncube anali atatopa, dzuwa litakwera, ana akadali ambiri kumbuyo. Anakweza ndodo kulozera kukhomo la kalasi, ndipo ine phazi limodzi linali litanyamuka kale.

"Aphunzitsi," anatero mawu kumbuyo kwanga. "Wapendeketsa mutu."

Anali a Mbewe. Ananena m'Chindebele chawo chothyokathyoka, chosakaniza ndi chilapalapa cha kumigodi, koma a Ncube anamva. Anachotsa magalasi n'kuwayang'ana mkuluyo nthawi yaitali.

"Baba, mwanayu si wanu?"

"Ndi wanga. N'chifukwa chake ndikunena. Aime mowongoka."

Ndinaima mowongoka. Nyerere ija inapeza njira yake. A Ncube anapukusa mutu, ndipo mawu aja anawanena motsitsa, ngati akupepesa: ubwere chaka chamawa.

Pobwerera sindinalire. Ndinayenda patsogolo, kabudula akulira khwe khwe, ndipo chimanga chimene anandigulira ndinachikana. Iwo ankanditsatira akulankhula okha. "Sukulu salowa mwakuba. Ukalowa mokhota udzaphunziranso mokhota. Mzere wa buluku ukaukhotetsa poyamba, ngakhale usite kangati, umaonekabe."

Mawuwo anali abwino, ndipo ndakhala ndikuwauza ana anga. Koma mayi anga atamva zimene zinachitika, anapukuta manja pachitenje, n'kupita kukaima kutsogolo kwa tebulo lija.

"Bambo, ndikufunseni. Amene akuopa sukulu ndani pano, mwanayu kapena inu?"

"Nachisale, samala pakamwa."

"Ndasamala zaka zonsezi. Mwana wanga akhale chikhalire pakhomo, anzake akuwerenga, chifukwa inu mukuchita manyazi kukafika kwanu ndi bokosi limodzi? Akudikira bokosi kumeneko? Mbewa yamanyazi idafera kuuna, bambo."

A Mbewe anatsegula simbi, anathiramo makala, anaitseka. Anaitsegulanso, ngati aiwala kuti athiramo kale. Kenaka anati, "Ukachoka uli ndi mano onse, n'kubwerera ndi chifuwa ndi bulangete limodzi, umalowera mbali iti ya mudzi? Ukawapeza, uyamba ndi mawu ati?"

"Muyamba ndi odi, ngati munthu aliyense," anatero mayi.

Ine ndinamva zonsezi ndili pakhonde, koma mutu waukulu si nzeru. Chimene ndinatolapo n'chakuti agogo andilakwira ndipo mayi awakalipira. Ndinakhala masiku osapita pansi pa tebulo lawo. Anandibweza ndi mbatata yootcha m'phulusa la simbi, imene anaisiya pawindo lathu. Mkwiyo wanga sunali wokwera mtengo.

A Kalonga atabwera chaka chimenecho sanachite nthabwala. Anamvetsera chifuwa cha a Mbewe, chimene tsopano chinkawagwira mpaka kutsamira tebulo, ndipo anati, "Njira ija sifupika, Mbewe. Miyendo ndi imene imafupika."

Chaka chonsecho sanandikwezenso mumtengo, sanandikokenso khutu. Ndinakula ndekha, mwakachetechete, ngati dzungu la kuseri kwa nyumba. Tsiku lina chakumapeto kwa chaka, ndikusamba kuseri, ndinangoti ndiyese. Zala zinadutsa pamwamba, zinatsetsereka, n'kugwira khutu lonse mpaka kunsi kwake. Ndinathamanga thovu lili m'mutu.

"Agogo! Agogo, taonani! Osapendeketsa!"

Anali akusita malaya oyera a kalaliki wina. Anandiyang'ana, mkono wanga uli pamutu ngati chigwiriro cha ketulo. Ndinkadikira kuti aseke, andinyamule, aitane mzere wonse. Koma dzanja lawo linaiwala kuyendetsa simbi. Kenaka tonse tinamva fungo, ndipo atanyamula simbi, pamsana pa malayawo panali chithunzi chake chofiirira, chokwanira bwino, nsonga ndi m'mbali momwe. Pa zaka zonse zimene mayi anagwira nawo ntchito, aka kanali koyamba kuti a Mbewe awotche chovala cha munthu.

"Wakula, Chimutu," anatero potsiriza. "Pita ukatsuke sopoyo, angakulowe m'maso."

Januwale wachitatu kabudula uja anakana kukwera kupitirira m'mawondo. Anandisokera wina, ndipo anamusita usanatuluke dzuwa, mizere yake yakuthwa ngati mpeni. Panjira sanandinyamule pa zithaphwi. Ndinali nditalemera, ndipo iwo ankaima kawirikawiri kuti apume. A Ncube atandiona anaseka. "Hawu, wabweranso mkulu wa mpingo?" Ndinagwira khutu ndisanauzidwe. Iwo anatembenukira kwa a Mbewe n'kufunsa ngati ali ndi mawu. A Mbewe anavula chipewa.

"Wawongoka," anatero. "Mutengeni."

Anandikhazika kumbuyo kwenikweni, pakati pa tiana tofika m'khwapa mwanga, kuti mutu wanga usatchinge bolodi. Nditasuzumira pawindo ndinawaona akadali pabwalo, chipewa chili m'manja, makolo ena onse atapita. Anaima pamenepo mpaka belu la kupuma linalira.

Mvula itatha sanadikire kuti a Kalonga awafunse. Anatumiza okha mawu kuti anyamata abwere kudzanyamula bokosi. Tebulo anapatsa mayi. Simbi anaikulunga m'chiguduli n'kundipatsa ine. Tinawaperekeza kusiteshoni Loweruka m'mawa, mzere wonse, amayi akuwapatsira mauthenga opita kumidzi imene mwina sinali n'komwe panjira yawo. Anavala jekete imene anaisita okha, ndipo m'gulu lonse la apaulendowo panalibe wowoneka bwino ngati iwo. Asanakwere anawerama, n'kundigwira khutu lija, la kumanzere, n'kulikoka pang'ono.

"Ndinakudyera chaka, Chimutu."

Ine, mwana wopusa, ndinkayang'ana injini ya sitima, mmene inkafwenthera nthunzi. Ndinangoti, "Eya, agogo." Ndinkaganiza kuti akunena zoti ndizilimbikira sukulu. Mawu omaliza amene ndinawauza munthu amene anandipatsa dzina ndi amenewo: eya, agogo.

A Kalonga anabwerera dzinja lili pafupi. Anafika pakhomo pathu, anakhala pa chitini, n'kupempha madzi. Mayi atangoona mmene anavulira chipewa anakhala pansi.

Anati a Mbewe anayenda bwino mpaka ku Zambezi, ngakhale kuti gulu linkawadikira kawirikawiri. Atawoloka, chifuwa chinakula. Anyamata anawanyamula pamachira masiku angapo, kudutsa dziko la Apwitikizi, mpaka pamudzi wina pamene mapiri a kwawo ankaonekera chapatali ngati utsi. Pamenepo anapempha kuti awatsamiritse kumtengo, ayang'ane. Anawatchulira anyamatawo mapiriwo limodzilimodzi, mayina ake onse, osaphonya. Anagona pamudzi pomwepo, ndipo eni mudziwo, anthu osawadziwa, anawapatsa malo m'manda mwawo.

"Bokosi tinakafikitsa," anatero a Kalonga. "Esinati alipo, mayi wa ana ake. Kadiresi kaja kanamukwana mwana wake wotsiriza, ngati anachita kumuyeza."

"Nanga mayi ake a Esinati?" anafunsa mayi anga.

A Kalonga anazunguza kapu m'manja. Anati mayiwo anadikira, kenaka abale anawakwatitsa kwa munthu wina, munthuyo n'kudzamwalira. Koma gulu lililonse lochokera kuno likamadutsa, ankatuluka kumsewu kudzafunsa. Chaka choyamba chija a Kalonga anawauza kuti chaka chamawa, ndipo mayiwo anaseka, nati auzeni abwere ndidakali ndi maso. Chaka chachiwiri anawapeza akudwala, nawauzanso chimodzimodzi. Anamwalira mvula yotsatira, mwezi womwe ine ndinkagwira khutu pamaso pa a Ncube.

Mayi anga analira kwambiri tsiku limenelo, ndipo kwa zaka zambiri ankati akanadziwa sakanawakalipira, bwenzi atafera pano pakati pa anthu owadziwa. Tsiku lina ankanena zimenezo, tsiku lina ankati akanawakalipira kale, ine ndisanabadwe. Sanawagwirizanitse maganizo awiriwo mpaka imfa yawo.

Sukulu imene inavuta kulowa chonchi sindinakhalitsemo. Nkhondo itayamba zinthu zinathina, bambo anavulala mwendo kunjanji, ndipo ine ndinali kale mnyamata wa mawu okhuthala pakati pa tiana toimba a, e, i. Ndinatuluka ndikudziwa zilembo ndi kulemba dzina langa, dzinalo likutsetsereka ngati likuthawa papepala. Ndinamasula chiguduli chija, ndinaika chibenthu cha njerwa pansi pa mwendo wa tebulo, n'kuyamba kusita. Kuwerenga kwenikweni ndinakaphunzirira pa nyuzipepala zakale zimene tinkakulungira zovala za anthu. Ndinkawerenga nkhani mpaka pamene pepala lang'ambikira, mathero ake n'kumapeka ndekha, ndipo mwina n'chifukwa chake mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndikudziwa zambiri kuposa zimene ndikudziwadi.

Ndakhala ndikuiyeza nkhani imeneyi mbali zonse, monga mmene umatembenuzira malaya patebulo. Chaka choyamba unali mutu wanga, palibe wolakwa. Akanapita chaka chimenecho akanafika ndi miyendo yawo, akanapeza mayi aja ali pamsewu. Chaka chachiwiri anali mawu awo atatu aja kwa aphunzitsi. Kodi chinali chilungamo, kapena mantha atavala jekete ya chilungamo? Ndikuganiza kuti iwo eni sankadziwa. Chimene chimandiwawa si chaka chimene anandidyera. Chaka n'chiyani kwa munthu amene wadya zaka zonsezi? Chimandiwawa n'chakuti anapepesa, pasiteshoni, pamaso pa anthu, munthu wamkulu kupepesa kwa mwana, ine n'kumayang'ana sitima.

Simbi ija ilipo. Zidzukulu zanga zimaitsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo, poti masiku ano n'zamagetsi. Ine ndinabadwira kuno, ndakalambira kuno, ndipo dziko limene timalitchula kuti kumudzi sindinalipondepo. Ndinkati ndidzapita, ndikafunefune mudzi uja wa kutsidya kwa Zambezi, ndikazule udzu pamanda awo, ndikawauze kuti ndinamva, agogo, ndipo palibe mlandu. Poyamba ndinkadikira kuti ana amalize sukulu. Kenaka ndinkadikira kuti zidzukulu ziyambe. Mdzukulu wanga wamkazi, amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chindebele, anandifunsa tsiku lina mosakaniza zilankhulo ziwirizo kuti, "Khulu, kanti kwanuko mudzapita liti?" Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu a eni ake: chaka chamawa.

Januwale wapitayu ndinakhala pakhonde m'mawa, ndikuonera ana akupita kukayamba chaka, mayunifolomu atsopano akuwalendewera, ena akukokedwa ndi amayi awo. Masiku ano amangoonetsa chikalata, palibe amene amawafunsa za khutu. Msewu utangoti zii, ndinayang'ana uku ndi uku kuti pasakhale wondiona, n'kukweza mkono wamanja. Phewa linalira ngati chitseko chakale. Zala zinafika pamwamba pa mutu n'kuima pomwe paja zinaima tsiku loyamba.

Ndinapendeketsa mutu pang'ono. Ndinadikira. Panalibe wondinenera kwa aphunzitsi.